Phula lafika ku Ngauma, koma malole akale sanapume

Munthu wochokera ku Mangochi akakwera mapiri a Chowe n'kudutsa pa Namwera, amafika pa Chiponde pomwe dziko la Malawi limathera. Akadinditsa chiphaso chake amakwera kabaza kapena njinga yamoto, ndipo posakhalitsa amapezeka ali pa Mandimba, m'dziko la Mozambique. Zambiri sizisintha. Chiyao chomwe wachisiya pa Namwera amachipezanso pamsika wa Mandimba, Chinyanja chimamveka bwino lomwe, ndipo kwacha ndi metikali zimasinthanitsidwa pamthunzi umodzi.

Pa Mandimba ndi pamphambano. Msewu waukulu wotchedwa N13 umachokera ku Cuamba, mtunda wa makilomita pafupifupi 150, n'kukhota kulowera kumpoto kudzera m'boma la Ngauma mpaka ku Lichinga, likulu la chigawo cha Niassa, mtunda winanso wonga womwewo. Choncho galimoto iliyonse yoyenda pakati pa matauni awiriwa imapumira pa Mandimba. Ndi chifukwa chake amakaniko ndi owotcherera zitsulo sasowa ntchito pamalopa.

Magalaja ambiri alibe denga. Pamakhala mtengo wamango, dothi lakuda ndi oyilo, jeke mmodzi, zigodo za mitengo zochirikizira galimoto, ndi mulu wa zitsulo zomwe mlendo angayese zinyalala. Koma kwa makaniko, muluwo ndiye nkhokwe yake. Ndipo mlendo akayang'anitsitsa amaona kuti mbali yaikulu ya muluwo ndi zitsulo za ku miyendo ya galimoto: masipuling'i oduka, mashoko otha mphamvu, mabawuti opindika ndi mawilo obenthuka.

Msewu umene unkadya zitsulo

Achinyamata obadwa posachedwa sangamvetse chifukwa chake muluwo udakula chotero. Kwa zaka zambirimbiri msewu wa Cuamba, Mandimba mpaka Lichinga udali wadothi. M'chilimwe unkachita mizeremizere ngati lata, ndipo galimoto inkanjenjemera mpaka mabawuti kumasuka okha. M'dzinja, kuyambira Disembala mpaka Malichi, unkasanduka phala. Ulendo womwe lero ndi wa maola ochepa unkatha tsiku lathunthu, ndipo nthawi zina anthu ankagona panjira, lole itatitimira mpaka m'mimba.

Nkhondo idawonjezera mavutowo. Dziko la Mozambique lidalandira ufulu pa 25 Juni 1975, koma posakhalitsa kudabuka nkhondo yapachiweniweni yomwe idatha ndi pangano la mtendere lomwe lidasainidwa ku Rome pa 4 Okotobala 1992. M'zaka zimenezo anthu oposa miliyoni imodzi adathawira ku Malawi, ndipo ambiri a m'maboma ano adasungidwa ndi abale awo a ku Mangochi ndi ku Machinga. Misewu idasiya kukonzedwa. Njanji yochokera ku Cuamba, yomwe idafika ku Lichinga mu 1969, idaonongeka kotero kuti sitima inkaoneka mwa apo ndi apo. Katundu yense adatsalira pamsana pa malole.

Mwa malole amenewo, yomwe akuluakulu amaikumbukira kwambiri ndi IFA W50. Lole imeneyi inkapangidwa mumzinda wa Ludwigsfelde ku East Germany kuyambira 1965 mpaka 1990, ndipo zambiri zidatumizidwa ku Mozambique kaamba ka ubale womwe udalipo pakati pa maboma awiriwa. Inkanyamula matani asanu, kutanthauza matumba 100 a makilogalamu 50. Pambali pake padali ma Land Rover a amishoni ndi a boma, ma Toyota Land Cruiser a mabungwe othandiza anthu, ndi timapikapu ta Peugeot 404 ta amalonda.

Fakitale ya IFA itasiya kupanga lolezi, zipangizo zake zidayamba kusowa. Apa ndi pomwe amakaniko a ku Niassa adaphunzira ntchito yomwe mabuku saphunzitsa, yodzutsa galimoto imodzi pogwiritsa ntchito mitembo ya galimoto ziwiri. Injini ya uku, giyabokosi ya uko, masipuling'i a kwina. Kusinthanitsa ziwalo za galimoto si nkhani yachilendo m'dera lino ayi.

Nzeru yobwera ndi alendo

Chachilendo ndi mtundu wina wa kusinthanitsa womwe udatchuka ku America, ndipo masiku ano mnyamata aliyense wokhala ndi foni angathe kuuona ali khale pakhonde pa galaja. Kumeneko kuli anthu okonda mapikapu akale, makamaka a mtundu wa Ford F-100 opangidwa m'zaka za m'ma 1950 ndi 1960. Iwowa amachotsa miyendo yonse yakutsogolo ya pikapuyo n'kuikapo ya galimoto yaing'ono yomwe idachita ngozi kapena idakalamba. Kale ankakonda kuchotsa miyendoyo ku Ford Mustang II ya 1974 mpaka 1978, kapena ku Jaguar XJ6. Pambuyo pake ambiri adatembenukira ku Ford Crown Victoria ya 2003 mpaka 2011, chifukwa miyendo yake yonse, pamodzi ndi mabuleki ndi zitsulo za chiwongolero, idamangidwa pa mtanda umodzi wa aluminiyamu womwe umamasuka ndi mabawuti.

Kuti nkhaniyi imveke, ndi bwino kuona kusiyana kwa miyendo ya mitundu iwiriyi. Lole kapena pikapu yakale ili ndi ekiselo imodzi yolimba, chitsulo chopingasa chomwe chimagwira matayala onse awiri akutsogolo ngati goli la ng'ombe. Ekiseloyo imalendewera pa masipuling'i a zitsulo zaphanthiphanthi zosanjikizana. Tayala limodzi likagwa m'dzenje, linzake nalo limapendekeka, ndipo galimoto yonse imagwedezeka. Okwera amamva dzenje lililonse m'chiuno.

Galimoto yaing'ono ilibe golilo. Tayala lililonse lili ndi mikono yakeyake, sipuling'i yakeyake yopota, ndi mfundo zake zozungulira zomwe amakaniko amati mabolojointi. Tayala lakumanzere likakwera mwala, lakumanja silidziwa n'komwe. Galimoto imayenda myaa, imakhota mosavuta, ndipo kawirikawiri imakhala ndi mabuleki a disiki omwe amagwira msanga kuposa a dilamu. Izi ndi zomwe a ku America amazifuna, ndipo amazipezadi.

Koma pali mfundo imodzi yomwe zithunzi za pafoni sizinena. Mapikapu amenewo adapuma pantchito. Sanyamula chimanga, fodya kapena anthu opita ku maliro. Eni ake amawatsuka, kuwatsitsa kuti mimba iyandikire pansi, n'kumayenda nawo Loweruka pamisewu yosalala. Ndi galimoto zamasewera. Pikapu yakale ya ku Ngauma ndi khasu la banja.

Kukwera ku Massangulo

Kuchoka pa Mandimba kulowera kumpoto, msewu umayamba kukwera pang'onopang'ono ndipo mphepo imayamba kuzizira. Uku ndi ku Ngauma, dziko la Ayao, la minda ya chimanga, nyemba ndi fodya. Likulu la bomali ndi Massangulo, m'tsinde mwa phiri, pomwe ansembe a chipani cha Consolata adakhazikitsa mishoni mu 1928. Tchalitchi chachikulu cha njerwa chomwe adamanga chilipobe, pakati pa anthu omwe ambiri mwa iwo ndi Asilamu.

Lero ulendo wopita ku Massangulo ndi wosavuta. Ntchito yoika phula pamsewu wonse wa Cuamba mpaka Lichinga, mtunda wa makilomita pafupifupi 300, idatha mu 2021, ndipo njanji nayo idakonzedwa n'kutsegulidwanso mu 2016. Maminibasi omwe kuno amati chapa, ndi tigalimoto tokwerakwera kale ta ku Japan, tikuthamanga pomwe kale pankalira IFA yokha. Mwini pikapu yakale akamapitiriridwa ndi tigalimoto totere, iye akudumphadumpha pampando, mtima umamuuza kuti naye asinthe miyendo. Ndipo popeza tigalimototi tikuchuluka, mitembo yake nayo ikuchuluka m'magalaja, ndipo zitsulo zake n'zotsika mtengo.

Koma phulalo ndi chingwe chimodzi chokha. Munthu akapatuka pamsewu waukulu kulowera kumidzi ya ku Itepela, kapena kuminda ya ku Mitande m'boma la Mandimba, amapeza kuti dziko likadali lomwe lija. Pali mikwasa ya ngolo, zitsa, miyala, ndi timitsinje topanda milatho. Ndipo ndalama ya pikapu ili kumeneko. Zokolola sizimera m'mbali mwa phula. Wodwala wofunika kuthamangira naye kuchipatala usiku sadwalira pamsewu waukulu.

Kumalo otere, goli lija limaonetsa ubwino wake. Mpata wa pakati pa ekiselo yolimba ndi nthaka susintha, kaya galimoto yanyamula kaya ilibe kanthu, chifukwa ekiseloyo imakwera ndi kutsika pamodzi ndi matayala. Pa miyendo ya galimoto yaing'ono zinthu n'zosiyana. Katundu akalemera, kapena galimoto ikadumphira m'chigwembe, masipuling'i amafinyika ndipo mimba yonse imatsika, n'kukagunda chitsa. Chomwe chimayamba kusweka ndi m'phika wa oyilo wa pansi pa injini.

Chinanso n'chakuti miyendo yachikale imafa pang'onopang'ono, ndipo imachenjeza. Sipuling'i imodzi ikaduka, zinzake zimagwirizira. Dalaivala wozolowera amailimbitsa ndi mtengo ndi malamba a mphira, n'kuyenda mwapang'onopang'ono mpaka pa Mandimba. Chitsulo chodukacho sichitayidwa, chifukwa osula amachisandutsa nkhwangwa, chikwanje kapena sompho. Koma bolojointi ikasolomoka, tayala limapindikira m'kati nthawi yomweyo, ndipo palibe mtengo kapena mphira yomwe ingathandize. Fumbi la ku Ngauma likalowa pomwe kamphira kotchinga girizi kang'ambika, limapera chitsulocho ngati mphero.

Izi sizikutanthauza kuti miyendo yoyenda payokhapayokha ndi yoipa. Pikapu ya Peugeot 404 idali nayo kutsogolo, ndipo idatumikira Africa yense mokhulupirika, mpaka inkalumikizidwabe ku Kenya kufikira 1991. Mapikapu ambiri atsopano nawo ali ndi miyendo yotere. Kusiyana kwake n'kwakuti miyendo imeneyo idayezedwa ku fakitale molingana ndi kulemera kwa galimotoyo ndi katundu wake. Komanso n'zophunzitsa kuti kampani ya Toyota, yomwe imadziwa kupanga mitundu yonse iwiri, sidachotse ekiselo yolimba pa Land Cruiser 70 yomwe idayamba kupangidwa mu 1984. Idangosintha masipuling'i akutsogolo mu 1999, koma goli lidatsala.

Kutsikira ku Cuamba

Wofuna kuona ntchito zikuluzikulu za zitsulo amabwerera pa Mandimba n'kutenga msewu wa Cuamba. Njirayi imaoloka mtsinje wa Lugenda, womwe umachokera m'nyanja ya Amaramba, n'kudutsa m'zigwa za thonje ndi fodya. Kukamatentha ndipo Chimakua chikayamba kumveka kuposa Chiyao, ndiye kuti Cuamba wayandikira. Phiri la Mitucué limaonekera patali.

Tauniyi, yomwe Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo, idakula chifukwa cha njanji. Pano ndi pomwe njanji yochokera ku doko la Nacala imagawikana, nthambi ina kupita ku Lichinga, ina kulowa m'Malawi kudzera pa Entre Lagos ndi Nayuchi, njira yomwe idatsegulidwa mu 1970. Pomwe pali njanji, fakitale ya thonje ndi malole ambiri, sipasowa amisiri a zitsulo. Mwini galimoto yemwe watsimikiza mtima kusintha miyendo ndi bwino ayambe wakhala pansi ndi mmisiri wodziwa, asadagule chitsulo ngakhale chimodzi. Safunsa adadya phula.

Funso loyamba ndi la kulemera. Kagalimoto ngati Toyota Corolla kamalemera kupitirira pang'ono tani imodzi. IFA yodzaza imafika matani khumi. Apa palibenso zokambirana, chifukwa miyendo ya galimoto yaing'ono singalowe pansi pa lole, monga momwe bulu sangasenzere katundu wa ngolo zinayi. Nkhani imatsalira pa mapikapu okha, ndipo ngakhale pamenepo, injini ya dizilo ndi yolemera, komanso dalaivala akaponda buleki, kulemera kwa matumba akumbuyo kumakankhikira kutsogolo.

Funso lachiwiri ndi la kapangidwe. Tigalimoto tambiri ta ku Japan tilibe tchesisi chapadera. Mutu wa shoko umamangidwa ku thupi la galimoto lenilenilo, pansi pa boneti. Pikapu yakale ili ndi tchesisi cha mitanda iwiri ngati makwerero, ndipo ilibe pomangirira mutu wa shokoyo. Woyesa kuumiriza amayamba kuwotcherera tinsanja ta zitsulo mongoyerekeza, ndipo moyo wa anthu umatsamira pa tinsanja timeneto. A ku America amasankha galimoto zikuluzikulu zomwe miyendo yake imachoka yonse pa mtanda umodzi, ndipo galimoto zotere kuno n'zosowa. Crown Victoria imene ija imalemera pafupifupi matani awiri, ndipo chiwongolero chake chili kumanzere, pomwe galimoto zambiri za ku Malawi ndi ku Mozambique chili kumanja.

Funso lachitatu ndi la miyeso. Mmisiri woona amayeza kutalikirana kwa mitanda ya tchesisi, kutalikirana kwa matayala, ndi malo enieni pomwe pakati pa ekiselo yakale padali, ndipo amalemba chizindikiro asadamasule kanthu. Amayezanso mopingasa, kuchokera ngodya ina kufika ngodya ina, monga amachitira womanga nyumba poyala maziko. Kuphonya ndi chala chimodzi chokha, galimoto imayenda chammbali ngati nkhanu, imadya matayala mbali imodzi ndipo imakokera kutchire. Tayala liyeneranso kuima mopendekeka pang'ono monga adakonzera a ku fakitale, kuti chiwongolero chizibwerera chokha galimoto ikatha kukhota.

Funso lachinayi ndi la moto. Tchesisi si geti kapena felemu ya windo. Chimapindika pang'onopang'ono galimoto ikamayenda, ndipo pomwe pawotchereredwa molakwika ndi pomwe mng'alu umayambira. Malo omangirira miyendo yatsopano amafunika kulimbitsidwa ndi zitsulo zokhuthala, ndipo mabawuti ake akhale olimba a galimoto, osati ogula pa hadiweya omangira denga.

Ndipo pali zina zing'onozing'ono zomwe zimadya ndalama mwakachetechete. Mawilo atsopano sagwirizana mabowo ndi akumbuyo, choncho pamafunika matayala apadera awiri m'malo mwa limodzi. Pampu ya mabuleki a dilamu siyenerana ndi mabuleki a disiki. Ndodo ya chiwongolero imafuna mfundo zatsopano. Ntchito yomwe idayamba ngati yotsika mtengo imatha kumeza ndalama za fodya za chaka chonse, galimoto ikadali pa zigodo, anzake akututa. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Pomaliza pali lamulo. Galimoto iliyonse ili ndi buku lake lofotokoza momwe idapangidwira, ndipo oyeza galimoto amayang'ana kwambiri chiwongolero, mabuleki ndi miyendo. Ku Mozambique nkhani zotere zili m'manja mwa bungwe la INATRO, ndipo ku Malawi zili m'manja mwa nthambi ya boma yoona za pamsewu. Wanzeru amafunsa kumeneko ntchito isadayambe, osati ngozi itachitika.

Njira yapafupi

Chomwe eni galimoto ambiri sazindikira n'chakuti kudumpha ndi kuyendayenda kwa pikapu yakale sikuchokera ku mtundu wa miyendo kokha. Nthawi zambiri ndi ukalamba. Mabushi adatha kalekale, mashoko adauma, mapini ozungulirapo matayala adakhwepa, ndipo pa masipuling'i padawonjezedwa zitsulo zina kuti galimoto izinyamula mopyola muyezo. Kukonza zimenezi, kuthira girizi pa nthawi yake ndi kupopa matayala moyenera kumasintha kayendedwe ka galimoto kwambiri, pa mtengo wochepa. Ngati ekiselo yatheratu, kuikapo ina yochokera ku galimoto ya mtundu womwewo ndi ntchito yomwe amakaniko a pa Mandimba adaizolowera kuyambira nthawi ya nkhondo.

Walira mvula walira matope. Anthu a ku Niassa adalirira phula kwa zaka zambiri, ndipo phulalo labwera ndi liwiro. Kale, chitsulo chikaduka pamsewu wadothi, galimoto inkakhala ikuyenda ngati njinga, ndipo okwera ankangotsika n'kukhala pamthunzi kudikira makaniko. Lero chitsulo chomwecho chikaduka potsetsereka pa Ngauma, galimoto ili pa liwiro la makilomita 80 pa ola, kumbuyo kuli amayi ndi ana atakhala pamwamba pa matumba, mudzi wonse umakhala pa maliro. Choncho nkhani ya miyendo ya galimoto si ya mwini wake yekha. Ndi ya aliyense amene amaimika matola m'mbali mwa msewu.

Madzulo akamafika pa Mandimba, owotcherera amazimitsa makina awo ndipo ana agalaja amatolera masipanala. Mapikapu akale amayamba kutulukira kuchokera kumidzi, ofiira ndi fumbi mpaka padenga, atadzaza chimanga, nyemba ndi mabelo a fodya. Akakwera paphula madalaivala amapumira m'mwamba, okwera amasasa zovala. M'mawa kukacha, galimoto zomwezo zidzapatukanso paphulapo kubwerera kuminda, ndipo kumeneko miyendo yake idzayesedwanso ndi zitsa ndi zigwembe monga kale.